Mayina Awiri M'thumba

Lachiwiri mlembi wa bodi anandipatsa envulopu yolemera.
Munali tizikwangwani tiwiri tamkuwa, tozizira ngati mpeni.
"Ekrem, pakamwa utseke.
Kamodzi kadzakwera pachitseko, kenako udzabweze."
Ndinawerenga ndili m'chikepe:
Wiebke Carstensen.
Torben Ahlgrimm.
Kampani ya sitima makumi asanu ndi limodzi,
antchito ake kuyambira kuno ku Hamburg mpaka ku Busan,
koma woyamba kunyamula chinsinsi ndine,
womanga mayina pazitseko.

Lachitatu bambo Reimers anandipeza pamwamba penipeni.
Dzina lawo ndinalimanga ndine
mutu wanga usanaone imvi.
"Zenera langa likulowetsa mphepo ya ku Elbe," anatero.
"Ulikonze chisanu chisanafike,
ndisadzavutike ngati chaka chatha."
Ndinavomera.
M'thumba mayina aja ankagundana, ngwe, ngwe,
ine n'kutsokomola kuti asamve.

Lachinayi anadzitsekera maola asanu ndi awiri.
Khofi analowa kanayi.
Pagalasi ndinangoona manja akukwera,
ena mofulumira, ena ngati anyamula mwala.
Palibe anakuwa.
Kumwamba kuno munthu amamuchotsa ndi zikomo,
zikomo wautali, wa masamba awiri,
wolembedwa mlungu wathawo.

Chakudza sichiimba ng'oma, amatero,
koma ichi chinaimba m'thumba mwanga masiku atatu.

Lachisanu m'mawa, kunja kuli nkhungu,
makontena akulendewera padoko ngati alibe mwini,
ndinamasula masikuluwu anayi.
Atatu anamvera. Lachinayi linakakamira,
dzimbiri litaligwira pakhosi,
mpaka ndinachita kuliboola.
Pansi pa dzinalo thabwa linali lakuda, losaonapo dzuwa,
lodzaza mabowo a mayina akale.
Ndinatsekamo timitengo ta machesi ndi guluu
kuti dzina latsopano lipeze pogwira.

Bambo Reimers anatsika ndi katoni imodzi:
chithunzi cha adzukulu, mankhwala a m'mimba,
kasitima koseweretsa kothyoka mlongoti.
Pageti khadi lawo linayatsa kanyale kofiira.
Anayesanso. Kofiira.
Mlonda anawatsegulira ndi dzanja, maso ali pansi.
Masana wailesi inati masheya akwera.
Sindidziwa ngati anaimva m'galimoto,
kapena dalaivala anaichepetsa.

Bambo Ahlgrimm anadutsa ndikupukuta dzina la mnzawo.
Zaka zisanu ndi chimodzi akuwatchula wolowa m'malo,
akuphunzira kuseka nthabwala za bwana.
Anaima. Anakonza taye.
"Lawongoka bwino," anatero,
ndipo anapita kukaomba nawo m'manja.
Kawo ndinakabweza kwa mlembi,
iye akuti, "Sunga kwanu kumunsi, za mawa sizidziwika."
M'dirowa yanga muli mayina khumi ndi limodzi
amene sanakwerepo chitseko.
Nthawi zina ndimawapukuta.

Mayi Carstensen anafika Lolemba ndi nsapato zonyowa,
foni ziwiri zikulirira pamodzi.
Anayang'ana dzina lawo nthawi yochepa kwambiri,
ngati munthu woopa kudziona pagalasi anthu akupenya.
Anakhala pampando, n'kuutsitsa pang'ono.
Kenako anadzikumbatira mapewa.
"Muno mukuzizira. Zenerali liri bwino?"
Ndinalikonza tsiku lomwelo.
Mphira watsopano, mphindi makumi awiri basi,
ntchito imene munthu wina anaipempha Lachitatu.

Potuluka anandiitana.
"Mwalimbitsa dzinali? Lisadzagwe alendo ali pano."
"Ndalimbitsa, mayi."
Sindinaname.
Chimene sindinanene n'chakuti sikuluwu lirilonse
ndinalidontheza kaye mafuta ndisanalilowetse.
Ine ndatsala ndi zaka ziwiri kuti ndipume,
ndipo mnyamata amene ndikumuphunzitsa, Jannik,
ali ndi manja ofewa,
sanazolowere kulimbana ndi dzimbiri.