Kachitsulo ka Dzino Limodzi

Singano inkati zonse zili bwino.
Inagona pansi ngati galu wokhuta
pamene tinkakwera Chowe ndi matumba a simenti,
mpaka boneti inayamba kufuka
ndipo Asiyatu anatsika ndi chigubu
kukapempha madzi pakhomo pa eni.

Galimotoyi ndi ya malemu bambo.
Inabwera ine ndisanamere mano.
Buku lake chiswe chinamaliza kalekale,
nambala ya injini inamira m'dzimbiri ndi girizi.

Lachiwiri ndinapita kwa Che Jafali kuseri kwa msika,
pomwe amakhala pa tayala, mawaya ali m'khosi.
Anakhuthula chitini pa saka:
tizitsulo tamkuwa, tofanana ngati ana a mimba imodzi.
"Maso okha ndiwo akuti n'tofanana," anatero.
"Aka ka mano awiri n'koyatsa fani,
sikalankhula ndi singano.
Aka n'ka magalimoto a dzana, a kompyuta.
Yako ikufuna ka dzino limodzi, waya mmodzi."

Ndinatulutsa kakale, kokulunga m'nyuzi.
Anakagundanitsa ndi kena, mazinga pa mazinga,
nawerenga ndi chikhadabo chakuda.
"Awa ndi otalikirana.
Ukakakamiza ndi sipanala udzalira,
mutu wa injini sukhululuka."

Tinatsala titatu.
Anatuma mwana kukabwereka ketulo ku tiirumu,
naika pa mbaula, namanga mawaya a mita.
Kenako kumzikiti anaitana.
Anandisiyira zonse: "Uziona manambala.
Madzi akamatentha, iwo azitsika."

Ndinakhala ndekha ndi nthunzi.
Kakale ndinakamiza koyamba.
Madzi anabwata, chivundikiro chinavina,
manambala osasuntha.
Ndinakumbuka bambo pa mpando wa pakhonde
chaka chonse chija,
lamba akumuboola bowo lina, kenako linanso,
ife tikafunsa, iwo: ndili bwino.
Mpaka tsiku lomwe tinawanyamula m'galimoto yomweyi
kupita kuchipatala cha paboma.

Kachiwiri kanathamanga kwambiri,
madzi ali ofunda chabe.
Che Jafali atabwera anaseka:
"Ako kadzakuimitsa panjira injini ili yozizira.
Wamantha naye ndi wabodza."
Kachitatu kanatsika pang'onopang'ono,
ngati munthu wotsika makwerero atasenza ndowa.
Anaona pa kapepala kong'ambika ka m'chipewa chawo,
nagwedeza mutu.
Mtengo tinakangana mpaka ketulo inazizira.

Lero ndikukweranso Chowe.
Asiyatu wagwira chigubu pamiyendo, sakukhulupirirabe.
Pa kona yachitatu singano yadzuka,
yafika pakati, ikunjenjemera,
yapitirira pang'ono.
Ndabweza giya.
Ndapatuka pansi pa mtengo wa mango,
osazimitsa injini,
ndipo tikudikira, tonse awiri chete,
kuyang'ana kanthu kamene kakunena
kuti sikali bwino.