Pule Yaing'ono

Anabwera nayo m'katoni ya sopo,
supachaja yochokera ku Joni,
atayikulunga m'jekete ngati khanda.
Fumbi la ku Biwi linali litatiyeretsa kale nsidze.
"A Lupafya, mundiikire lero," anatero Tiyese,
"Loweruka ndikawasiye anyamata pa Baipasi."

Galimotoyo ndinkaidziwa.
Inali ya malemu bambo ake,
aphunzitsi aja ankapita ku Nathenje osapyola eyite.
Injini yake sinatsegulidwepo chichokere ku fakitale.

Ndinati khala pa tayalapo.
Injini ndi chifuwa, mwana iwe.
Usanaikakamize mpweya woposa umene inabadwira
yamba wafunsa nthiti zake.

Tinazula mapulagi onse anayi.
Geji inafunsa silinda imodziimodzi:
zitatu zinayankha mofanana,
yachinayi inachita manyazi, mpweya ukuthawira pa valavu.
Masiku awiri anathera pomwepo,
Tiyese akuzungulira galaja, foni kukhutu,
kuuza anzake kuti makanika wake ndi wamantha.

Wamantha, eya.
Mpweya ukachuluka umaitana petulo wochuluka,
ukaumana, moto umaonda n'kulusa
mpaka kudya nyumba yake yomwe.
Tinasintha pampu, tinaika mainjekita okulirapo
ndi mapulagi opirira kutentha.
Mpweya wopanikizidwa umaotcha ngati malata a Okutobala,
ndiye patsogolo pa rediyeta tinapachika choziziritsira.
Lamba ndinamuwongola ndi rula yachitsulo,
poti wopendekeka pang'ono chabe
amayamba kulira ku Mchesi, n'kukadukira ku Kawale.

Mkangano unabuka pa pule.
M'katonimo munali ziwiri.
Iye analoza yaing'ono, yozungulira msanga, yokankha mwaukali.
Sindinamuyankhe.
Ndinatenga pisitoni yomwe ndimapsinjira malisiti
n'kumuuza kuti ayang'anire kumwamba.
Analiona dzuwa kudzera pa bowo lokwana chala chachikulu.
Yanga imeneyo, ndinatero,
ndili msinkhu wakowu, pa msewu wa ku Mchinji.
Ndinabwerera pa chingwe, kumbuyo kwa lole ya fodya,
ndipo ngongole yake inatha
mwana wanga woyamba atalowa sitandade wani.

Loweruka linadutsa galimoto ili pa majeke.

Lachitatu mbandakucha, makabaza asanadzaze msewu,
tinanyamuka atatu.
Nachisale kumbuyo, laputopu pa miyendo,
ine ndi payipi yothiririra dimba kukhutu,
nsonga ina itamangidwa pa buloko ya injini.
Ponda, ndinatero. Anaponda.
Pa chitunda ndinaumva,
nkhe nkhe nkhe, timiyala m'chitini,
phokoso lomwe mwini galimoto salimva
kufikira tsiku la utsi.
Siya! Nachisale, bweza moto madigiri awiri,
uwonjezeko petulo pamwambapo.

Tinatembenukira pa mphambano ya ku Bunda. Kachiwiri.
Timiyala tinachepa. Kachitatu.
Kachisanu ndi chimodzi munatsala mawu amodzi okha,
opyapyala, okwera ngati a nyenje masana,
singano ya kutentha itaima pakati osagwedezeka.
Mpando unamukoka Tiyese kumsana.
Anaseka, kenaka anakhala chete nthawi yaitali,
dzanja lili pa giya yomwe bambo ake anaisalaza.

Ndinamulembera kuseri kwa lisiti:
oyilo usinthe msanga kuposa kale,
sefa uikuntha sabata iliyonse mpaka mvula igwe,
ndipo mzere wa pa filing'i utalike bwanji
wa m'zigubu usaugule,
yenda pansi.

Mvula inagwa, inakata, fumbi labweranso.
Amadutsa pano Lachisanu, hutala kawiri, osaima.
Pa Baipasi akuti wina wa ku Eriya 47 amamusiyabe,
ndipo zimamuwawa.
Mwezi watha anaima, n'kufunsa ngati pule ija ilipo.
Ndinamulozera pa msomali, pamwamba pa malisiti.
Anaiyang'ana, anayang'ana pisitoni,
n'kugula oyilo malita anayi.