Malikisi Anayi

Ndinakweza chikwangwani: anayi.
Holo yonse inandikuwiza ngati wakuba pamsika.
Ludomir Pasieka, goloboyi wopuma,
thukuta lili kamukamu,
anagwira pamtima, nkudzigwetsa chagada ngati wawomberedwa,
Warsaw yense nkufa nalo phwete.

Ine sindinaseke.
Anandilemba ntchito yoyang'ana mapazi.

Mu walitsi chidendene ndicho chimatsogola.
Iye amaponda ndi phazi lonse, phwa, phwa,
ngati munthu woyesa ayezi wa padziwe ngati walimba.
Chigongono chinagwa kawiri.
Jagoda, mtsikana womuphunzitsa, ankamukoka mobisa
monga mmene umakokera kabati pa masitepe,
uku akumwetulira kamera,
mano okha, maso akuwerenga: wani, thuu, firii.

Ku Łódź, ndili kamtsikana,
mayi Wiesława ankatipingasa mtengo wa tsache kumsana,
m'chipinda chozizira moti mpweya wathu unkaoneka ngati utsi.
Ukawerama, kuyambiranso.
Ukalira, kuyambiranso, ukulira choncho.
Ndinataya zikhadabo ziwiri zakumapazi
ndisanakwanitse zaka khumi ndi zisanu,
ndipo palibe anaimba foni kuti andivotere.

Kenako kunabwera Halszka Dereń, wowerenga nkhani madzulo.
Tango yake inali ngati mpeni wonola kumene.
Ndinafufuza cholakwa mpaka maso kuwawa,
ndinangopeza chala chimodzi chaching'ono chouma.
Asanu ndi anayi.
Anthu anaomba m'manja mwaulemu,
monga amaombera bwana akamaliza kulankhula.
Mavoti atatsekedwa anatuluka ndi iyeyo.
Ndinamupeza kuseri kwa katani akuvula nsapato,
sitonkeni itamatirira pa bala,
akufunsa Jagoda, osati ine,
"Kodi ndinayenera kugwa?"

M'khutu mwanga muli kachingwe.
Mnyamata wa pulogalamu amanong'onezamo:
"Mayi Bronisława, khwimitsani nkhope,
kamera yachiwiri ili pa inu,
anthu amasangalala akamakudani."
Ndiye kuti nanenso ndimavina, eti?
Gule wanga ndi nsidze.

Mu takisi chipale chikugwa mopanda phokoso
foni inalira. Mkulu wanga wa ku Radom,
amene chimwalirireni Czesław sapitirira pa geti.
"Ndamuvotera kakhumi ndi kamodzi," anatero.
Ndinati, mwataya ndalama za mankhwala
pa munthu wosadziwa kumanzere ndi kumanja.
Anati, "Wandiseketsa, Bronka.
Ndinaseka mpaka tiyi kutayikira pa bulangete.
Koyamba chiyambire Malichi.
Pa zikwangwani zakozo pali nambala ya zimenezo?"

Sindinayankhe.
Woyendetsa ankandizonda pa galasi,
wandizindikira, mlomo wachita tsinya.
Pondipatsa chenji anangoti, "Anayi okha, mayi?"

Ndikudziwa chimene ndikudziwa.
Mlatho suima chifukwa anthu aukonda.
Ndikapereka khumi pa chigongono chogwa
ndanyoza bala la Halszka,
ndanyoza mtengo wa tsache,
ndauza kamtsikana kena ka ku Łódź
kuti kadzuke mochedwa, kaphunzire kudzigwetsa.

Koma usiku uno m'khitchini, wopanda nsapato,
ketulo isanawire,
ndinayesa kuponda kwake kuja, phwa, phwa,
kungofuna kuona pamene pamalakwika.
Bondo linadandaula.
Makapu anagwedera pa shelefu.
Mphaka anathawira kunsi kwa mpando.
Ndinamva kaphokoso kachilendo pakhosi panga,
ndinakameza msanga
ngati mayi Wiesława aima pakhomo.

Lamulungu likudzali avina rumba.
Mulungu atichitire chifundo.
Akapondanso choncho ndimupatsa anayi omwewo,
andikuwize mpaka mawu kusasa.
Chidendene chikatsogola ngakhale kamodzi, asanu.

Za phazi langa lamanzere,
zimene linkachita pansi pa tebulo nthawi yonse ija,
nsalu yobiriwira itaphimba,
kumene kamera yachiwiri siifika,
musandifunse.
Limenelo silinalembedwe ntchito.