Mitengo ya pa Likhubula

Minibasi yatula alendo anayi pamphambano,
zikwama zawo zazitali ngati ana a sitandade wani,
ndipo ife amene tatenthetsa mwala uno chiyambire m'mawa
tadzambatuka ngati nkhuku zomva lichero.
Koma lero ndi langa.
Dzina langa lili pamwamba m'kaundula wa a Makhuwira.

Mmodzi, wachipewa chamlaza, wofiira khosi,
akufunsa ngati kuno kuli gombe.
Ndamulozera kumwamba.
Kwathu kuno madzi sagona chagada kudikira munthu, bwana,
amachita kudumpha pathanthwe,
ukawafuna, uwalondole ndi mawondo ako.

Pabolodi talembapo mitengo:
ku Dziwe la Nkhalamba, mwakuti,
kukagona ku Chambe, mwakuti,
ku Sapitwa, apo choko chinafufutika ndi mvula
ndipo timayamba taona nsapato za munthu
tisanatchule kanthu.

Nakhumwa watithamangira ndi nanazi zosendasenda,
madzi ake akuyenderera mpaka m'chigongono.
Wisikesi wayala ndodo zake zosema,
iliyonse yolembedwa maina a nsonga zonse za phirili
zimene mwini wake sanapondepo
chithyokere mwendo pa njinga ya makala.
Agula ziwiri. Anenerera ngati akugula ng'ombe.

Kumsana kwanga kuli makilo makumi awiri a eni ake:
mafuta oopera dzuwa, masokosi, tchizi,
buku lonenepa limene likwere ndi kutsika osatsegulidwa.

Padziwe avula, alumphira, akuwa.
Madzi a kuno amaluma ngati mavu
ngakhale mwezi wa Okutobala.
Andipatsa mafoni anayi, ndijambule.
Kutsidya kwa nyanja zazikulu kuyenera kuti kuli zithunzi mazanamazana
zojambula ine,
ndipo mwa zina, pakona,
mukuoneka chala changa chachikulu.

Tikwera.
Nthabwala zawathera pa mtunda wachiwiri.
Tsopano kukungomveka mpweya, ndodo, ndi mtsinje pansi potero.
Mayi wa magalasi, amene wagula kabokosi konunkhira kwa Wisikesi,
waima pakati pa zitsa
nakanunkhiza, nandiyang'ana:
nanga mitengo yake ili kuti?

Bambo anga ankacheka kuno.
Ankatsika njira yomweyi opanda nsapato,
thabwa la mkungudza pamutu, nkhata ya udzu,
kawiri pa tsiku.
Yunifolomu yanga yoyamba inkamveka fungo limenelo.
Izi sizili pabolodi.
Ndamuonetsa nazale kuseri kwa kanyumba,
timbande tofika m'kakolo,
ndati mubwerenso zikatha zaka makumi asanu,
ndidzakuchotserani mtengo.
Waseka. Kabokosi wakabisa m'thumba la jekete.

Chakumadzulo chiperoni chalowa mwakachetechete
ngati mlamu wodzabwereka mchere.
Chameza minda ya tiyi, chameza Chitakale,
msewu wa ku Muloza, malata a sitolo,
denga limene Esinala wanga akulembera masamu pansi pake,
mpaka dziko lonse kunsi kwathu langoti mbuu,
loyera, lofufuma, likugunda m'matanthwe
popanda phokoso.

Ndamukoka dzanja wachipewa uja.
Bwana, munafunsa gombe.

Wakhala pamwala. Wavula nsapato.
Zala zake zatuluka matuza awiri,
wazilendewetsa pamwamba pa mitambo
ndipo foni sanaitulutse.

Ine ndapita kukasonkha moto.
Mawa tikatsika, a Makhuwira anyowetsa chala ndi malovu,
atembenuza tsamba,
dzina langa alibweza pansi penipeni,
kuseri kwa amuna makumi atatu ndi awiri.
Esinala adzafunsanso kuti kumwambako kumaoneka bwanji.
Zaka khumi ndi chimodzi, anabadwira m'tsinde mwa phirili,
ndipo sindinamutengepo.
Ndimangoti dikira nsapato.