Padoko la Gdańsk

Injini anazimitsa kalekale
koma chombo chikubwerabe,
chodzaza malasha, chili duu,
liwiro la nkhalamba yopita kutchalitchi.

M'mawa uja mpira wa mwana wa Bogumiła
unadutsa ngati mphezi,
n'kugunda khoma, phaa! n'kubwerera.
Khoma silinamve kanthu.

Ichi n'china.
Bogumiła wagwira chingwe, zala zili gwa ndi chisanu,
akuwerengera chamumtima:
kulemera kuchulukitsa ndi liwiro.
Liwiro n'lochepa, inde,
koma matani zikwi makumi anayi
sapepesa munthu.

Matayala a m'mbali mwa doko afinyika, alira.
Pansi panjenjemera mpaka m'mawondo mwake.

Wakumbukira bambo ake,
osathamanga, osakweza mawu,
amene akangoyamba kuyenda
panalibe wowaimitsa.