Makalata Awiri pa Doko la Bideford

Ndine wopota zingwe za zombo.
Manja anga amanunkha phula ngakhale Lamulungu.
Ndinabereka anyamata awiri, onse nyanja inatenga,
koma sanakwere chombo chimodzi.

Tristram ndiye anayamba.
Anamva m'nyumba ya mowa kuti ku Virginia
golide amachita kutola ngati nkhono pamchenga.
Anadinda chala papepala la kampani,
zaka zisanu ndi ziwiri za thukuta lake,
nanditsanzika akuseka, nsapato zanga zili kuphazi kwake.
Golide sanam'peze. Anapeza malungo ndi fodya.
Kalata yake imabwera yodzaza manambala:
migolo yakuti, mtengo wake wakuti,
tinafika amuna khumi ndi awiri, tatsala atatu.
Akuti kumeneko ulemu amayeza ndi kukula kwa munda
ndi kuchuluka kwa misana yowerama m'menemo.
Nyumba sakhoma zolimba.
Aliyense akuti abwerera kwawo chaka chamawa.

Hezekiah sanaseke tsiku lake.
Ananyamuka ndi Dorcas, ana atatu, mbuzi ziwiri,
ndi theka la mpingo wathu,
chifukwa bishopu anawatseka pakamwa.
Iye amalemba timalemba ting'onoting'ono, vesi pamwamba:
tafolera nyumba ya Mulungu zathu zisanathe,
mwana aliyense akuphunzira kuwerenga,
wamasiye sagona ndi njala pakati pathu.
Ndinalira powerenga pamenepo.
Koma kuseri kwa pepala anawonjeza:
mmisiri wina tam'pirikitsa m'chisanu
chifukwa anatsutsa ulaliki.
Ha! Mwana wanga,
wachira liti bala la pakamwa lija?

Anansi amandifunsa, wabwino ndi uti?
Wina amati wa fodya ndi wadyera,
wina amati wa salimo ndi wouma mtima.
Ine ndimangopitiriza kupota.

Usiku ndimayala makalata onse pathebulo.
Tristram akufuna makasu ndi anyamata ena a ngongole.
Hezekiah akufuna misomali, mbewu ya nandolo, mapemphero.
Pamzere womaliza pokha ndi pamene amagwirizana
monga ankachitira ali ana pakaphulika bingu:
Atate, tumizani wonga.

Ndipo palibe wandiuza dzina la munthu mmodzi
mwa aja anawapeza akulima kale kumeneko.
Wamkulu amangoti akutchinga malire.
Wamng'ono amati mliri unatisesera bwalo,
Ambuye alemekezeke.
Chimanga chimene chinawapulumutsa chaka choyamba,
anabzala ndani?

Za chingwe ndimadziwa ine.
Ulusi umapotera uku, nkhosi zimapotera uko,
ukaziyang'ana ungati zikukangana,
koma zikafika pachombo zimakoka katundu mmodzi.

Mawa madzi akadzaza mumtsinje wa Torridge
chombo china chinyamuka.
Zingwe zake ndapota ndine,
ndipo ndalama ndalandira kale.