Makolala a Bwana Hale

Lolemba lililonse ndimakwera phiri la Pittsburgh ndi dengu,
masitepe mazana awiri ndi khumi, ndinawerenga,
kuchoka kumene dzuwa limatuluka ngati chilonda
kukafika kumene mphepo sinunkha malasha.
Ine Zuzana, ntchito yanga ndi makolala a bwana Hale.

Amasintha atatu pa tsiku
poti mwaye wa ng'anjo zawo zomwe
umawalondola mpaka ku ofesi.
Ndimachapa, ndimathira sitachi, ndimasita
kuti khosi liume gwa, lisamayang'ane pansi.

Pansipo ndiye pali Imrich wanga,
maola khumi ndi awiri akuphika chitsulo.
Nsidze zinapsa kalekale.
Bedi lathu silizizira:
iye akadzuka, pamagona mlendo wolipira madola awiri.

Dzulo dona anawerenga nyuzipepala mokweza.
Akuti dziko lakula,
njanji zaluka chigwa chonse,
pa chitsulo tawapitirira Angerezi.
"Tawapitirira," anatero, akundipatsa sopo.
Ndinafuna kufunsa kuti "ta" ameneyu
amathera pa sitepe yachingati,
koma Chingerezi changa n'cha madzi otentha ndi zikomo basi.

Dziko lakula. Matej nayenso wakula,
nsapato zikumuluma,
ndipo kapitawo wamuyeza kale ndi maso:
mapewa otere angathe kunyamula ndowa.
Buku la ngongole ku sitolo likunenepa,
lokhalo m'banja mwathu.

Kunama ayi: kwathu kumapiri a Šariš
nyama tinkailawa pa Khirisimasi pokha.
Kuno imapezeka Lamlungu.
N'chifukwa chake amayi ndimawalembera za nyamayo,
za zala ziwiri za mlamu wanga Ludvik
zimene zinatsala m'makina, sindilemba.

Kumsewu waukulu akumanga laibulale yamiyala,
mphatso ya eni ng'anjo kwa antchito.
Izidzatseka Imrich asanaweruke.

Madzulo dona amaitanira alendo pazenera
kuti aone chigwa chikuyaka,
mtsinje utasanduka mkuwa, mitambo ili psuu.
Amaomba m'manja.
Nanenso ndimaima pang'ono pa sitepe yoyamba,
masenti makumi asanu ndi awiri ndawafumbata.
N'kokongoladi, Mulungu andikhululukire.

Kenaka wenzulo ya fakitale imalira,
ndimakoka mpango kutseka mphuno
n'kuyamba kutsika,
sitepe, sitepe,
kukalowa m'kukongolako.